Kabokosi Kakuda ndi Chala cha Bizeki

Lachiwiri ndinakwera minibasi ku Bangwe nditakumbatira kamtolo kokulunga m'chitenje. Kondakitala anafuna akaponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, ine ndinakana.

"Agogo, muli mazira mmenemo?"

"Muli za eni."

"Ndiye inu ndi za enizo sunthani pang'ono, pakhale munthu."

Ku Limbe ndinatsika n'kukwera ina ya kwathu ku Ndirande, kamtolo kali pamiyendo. Munali kabokosi kakuda ka magemu, kaja amakalumikiza ku TV anthu n'kumamenya mpira ndi zala. Kanaleka kugwira ntchito kalekale. Mwina mukufunsa kuti nkhalamba yosadziwa ngakhale kulemba dzina lake ikuvutikiranji m'maminibasi chifukwa cha chidole chakufa. Khalani pansi ndikuuzeni.

Mwana wanga woyamba ndi Bizeki. Ankayendetsa makina pa fakitale ina ku Makata, mpaka chaka chatha nyengo ya mango pamene anagwa m'bafa. Achipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera pang'ono, amayenda chokoka. Mawu amatuluka limodzilimodzi, ngati madzi a pampopi wathu. Koma dzanja lamanja linangofumbata, ngati wabisamo kanthu kamene sakufuna tione.

Nyumba ya ku Soche tinabweza kwa eni ake. Mkazi wake anatsogola kale, ndiye Bizeki anabwera kwa ine pamodzi ndi mwana wake Madalo, amene amagwira ntchito pa shopu ya makompyuta kufupi ndi msika. Ndi Madalo yemweyo amene amandilembera zimene mumawerenga pano, ine ndimangoyankhula. Ndiye ngati pena pake sabata ino akumveka wanzeru kwambiri, mudziwe amene wagwira cholembera.

Kuchipatala anatiuza za mafizo. Anapatsa Bizeki kampira kofewa koti azifinya. Iye anakayang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anakagwetsera kuseri kwa bedi. Ndikakatola, mawa ndimakapezanso komweko.

Mwezi watha kunabwera alamu anga a Tchale, ang'ono awo a malemu amuna anga. Kwa ife a ku Chigwa mawu a kuchimuna amalemera, ndipo a Tchale amadziwa kulemera kwa awo.

"Alamu, mwanayu tipite naye kumudzi. Kuno mukungozunzika naye. Ku Nsanje kuli abale, kuli mpweya."

"Nanga mafizo?"

"Mafizo a chiyani? Dzanjalo likanakhala kuti likuonetsa moyo, bwenzi tikukamba zina. Ndapangana ndi mnzanga wa lole, Loweruka lomaliza la mwezi wa mawa akupita komweko."

Inu owerenga mukudziwa tanthauzo lake. Munaonapo angati amene anapita kumudzi "kukapuma" n'kubwerako ndi miyendo yawo? Kumeneko amakamuyalira mphasa pakhonde, kumugwirira chikho, kumuingira ntchentche. Palibe amene amamuchitira nkhanza. Amangomudikirira.

Loweruka limenelo linali la sabata yomwe yathayi.

Madalo ndi amene anakumbukira za magemu. Anati ali wamng'ono, adadi ake akaweruka Loweruka masana ankakhala pansi, msana pa sofa, n'kumamenya mpira pa TV mpaka maso kufiira. Ankatukwana osewera ake ngati akumumva.

"Agogo, kampira kaja adadi akukaona ngati chipongwe. Koma mabatani aja zala zawo zimawadziwa."

Tinafufuza m'makatoni amene tinabwera nawo kuchokera ku Soche. Zimbale za magemu zinalipo, m'jumbo limodzi ndi makandulo a ubatizo. Mapadi, timatabwa tamabatani tija amagwira m'manja, analipo. Kabokosi kokha ndiko kunalibe.

Madalo sanatekeseke. Anati pali pulogalamu, dzina lake emuleta, imene amaika m'kompyuta kuti izichita ngati ndi kabokosi kaja.

"Chimbale chimapusitsidwa, agogo. Chimaganiza kuti chili kwawo."

"Ndiye kuti ndi bodza."

"Bodza, koma lopanda tchimo."

Anaiika mu laputopu yake, yakale ndithu, imene anagula kwa abwana ake atatopa nayo. Anaitsegula. Inakana. Akuti inalemba kuti ikufuna bayosi.

Ndinafunsa kuti bayosi ndani. Anandifotokozera kawiri ndisanamve. Akuti opanga kabokosi anasiya timawu mkati mwake, tosaoneka ndi maso, timene timakauza mmene kadzukire, mmene kalandirire chimbale, mmene kamvere mabatani. Kompyuta ingathe kutsanzira thupi la kabokosi, koma timawu timeneto ilibe.

"Ndiye chimera chimenecho," ndinatero. "Ufa ulipo, madzi alipo, koma popanda chimera waphika phala, si thobwa."

"Eya, agogo. Koma musakanene choncho pagulu."

Ndanena pagulu.

Ndinafunsanso kuti nanga amene anapanga emuletayo analekeranji kuthira chimeracho okha. Akuti sangathe, si chawo. Ndi cha eni kabokosi. Iwo amangoti aliyense akatape m'kabokosi kake, kamene anagula.

Madalo anayamba wayesa njira yachidule, monga timachitira tonse m'tauni muno. Anapita kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, iwo anamuthirira kanthu mu fulashi n'kumulumbirira kuti ndi bayosi yeniyeni. Atafika nayo kunyumba, pagalasi panangoti bii. Kenaka laputopu inayamba kutsegula yokha zinthu zimene palibe anazipempha, ndipo Madalo anatha Lamulungu lonse masana akuichapa mavairasi.

Kunatsala kufuna kabokosi keni keni. Apa m'pamene ndinakumbukira tsiku losamuka ku Soche.

Abale anabwera ambiri kudzathandiza. Bizeki anali adakali kuchipatala. Wina ananyamula simbi, "Iyi ndikusungireni, kwanu malo ndi ochepa." Wina njinga, "Ingachite dzimbiri, ndikusungireni." Bokosi la zipanala linapita ku Chemusa. Jekete la chikopa linapita ku Machinjiri, ndipo ndinalionapo pa ukwati wina likuvina.

Mawu akuti "ndikusungireni" ndi aulemu kwambiri. Koma inu munasungitsapo chinthu mwa njira imeneyi n'kubwezeredwa osachita kukachilonda? Katundu wa munthu womwalira timadikira mwambo kuti tigawane. Wa munthu wodwala sitidikira chilichonse. Timagawana iye akupuma, kungoti timasintha dzina.

Kabokosi kanapita ku Bangwe, kwa a Tchale.

Ndinakapeza m'kabati ya magalasi pabalaza, pakati pa makapu a alendo. Anakafunditsa kansalu koluka, pamwamba n'kuikapo duwa la pulasitiki.

"Kameneko n'kakufa, alamu," anatero a Tchale. "Adzukulu anayesa, sikawerenga zimbale."

"Ngati n'kakufa simukasowa."

"Mukufuna mukatani nako?"

Ndinawauza. Anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi malaya.

"Munthu wa imvi m'ndevu, bambo wa mwana wamkulu, mukamupatse zidole. Anthu akamva adzati chiyani?"

"Adzanena zimene akunena kale."

Anatulutsa kabokosiko, duwa n'kulibwezera m'kabati. Pondiperekeza pa geti anati, "Loweruka lole ibwera m'mawa. Mumumangiretu zovala."

Lachitatu ine ndi Madalo tinapita nako kwa Che Jafali, amene amakonza mawailesi m'shedi ina mumsika wa Ndirande. Mukalowamo mumachita kuyenda chambali, chifukwa mawailesi amene eni ake sanabwerenso kudzatenga anaunjikana mpaka kudenga. Analumikiza kabokosiko ku magetsi ndi ku ka TV kake kopanda chivundikiro. Kanyali kanayaka.

"Anganga, aka sikanafe. Diso lowerengera zimbale ndilo linafa. Mutu uli bwinobwino."

Madalo anamufotokozera chimene tinkafuna. Iye anatuluka, anakabwereka kakhadi kwa mnzake amene ali ndi malo oseweretsa magemu kuseri kwa ogulitsa nkhuku. Akuti kakhadi kameneko kamalola kabokosi kumvera malamulo ena popanda chimbale. Anakalowetsa kutsogolo, fulashi ya Madalo pambali pake, anadina apa ndi apo. Pa TV panayamba kutsika timalemba toyera.

"Zikutuluka zimenezo," anatero. "Musagwire chingwe, musagwire chilichonse. Magetsi akathima tiyambiranso."

Nthawi ya swala inakwana, iye anapita ku mzikiti n'kutisiya tikulondera. Ndinagula chinangwa chootcha. Ndinakhala pa wailesi ya munthu wina n'kumayang'ana malemba amene sindingathe kuwerenga akusamuka m'nyumba yakale kupita m'kanthu kochepa ngati chala. Magetsi sanathime. Ndikunena izi chifukwa si kawirikawiri.

Pobwerera Che Jafali anatipatsanso kachingwe kolumikizira mapadi ku laputopu.

Kunyumba Madalo anakhala pa tebulo pabalaza. Bizeki anali kuchipinda monga mwa masiku onse, nkhope kukhoma. Sitinamuuze kanthu, poopa kumulonjeza zimene sizingachitike. Madalo anasamutsa timafayilo tija n'kutiika m'malo mwake, kenaka anauza emuleta kumene tili. Dzina linatulukira pamene panali mbee, iye analisankha. Kenaka ntchito yotopetsa: batani lililonse la padi ankachita kulidziwitsa kwa kompyuta, ili ndi lopatsira mpira, ili ndi lomenyera, ili ndi lothamangira. Analowetsa chimbale.

Laputopu inalira.

Sindidziwa kuti ndikufotokozereni bwanji kulira kwake. Kuli ngati mphepo ikulowa m'chitini chachikulu. Madalo akuti kulira kumeneko si kwa gemu, kumakhala mu bayosi momwemo, ndiko kudzuka kwa kabokosi. Kunali kulira kwa kabokosi ka Bizeki, kaja ka pabalaza pa ku Soche.

Kuchipinda bedi linalira nalonso. Tinamva phazi likukokeka pa simenti. Anaima pakhomo atagwira feremu, n'kumayang'ana pansi pa TV, pamene panalibe kanthu.

"Kuno, adadi," anatero Madalo.

Anabwera. Anakhala.

Koma mpira utayamba, Madalo anagwira kumutu. Osewera ankathamanga ngati anthu akuwoloka matope a madzi osefukira kwathu ku Nsanje. Mpira ukamenyedwa unkayenda m'malere mosafulumira, munthu ukanatha kupita kukatseka mpopi n'kuupeza usanatere. Mzungu wolengeza mpira m'gemumo ankayankhula ngati kaseti ya mabatire otha.

"Laputopuyi ndi yofooka," anatero, manyazi ali m'maso. "Ikulemedwa. Dikirani ndione pochepetsa."

Anatambasula dzanja kuti akonze.

"Siya," anatero Bizeki.

Anaika padi pa ntchafu. Dzanja lamanzere linagwira mbali yake. Kenaka anasiya, ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere ngati akunyamula mwana wa mphaka, n'kuliika pa mabatani. Linatsetsereka. Analibwezera. Linatsetserekanso.

Ine ndinadzuka kuti ndimutambasulire zala. Madalo anandigwira pamkono, osandiyang'ana n'komwe. Ndinakhala pansi.

Pamenepa mpamene pali nkhani yanga ya sabata ino.

Ife wodwala timamukonda ndi manja athu, ake n'kuwaiwala. Akafuna chikho, tamugwirira kale. Akafuna kumanga batani la malaya, tamumangira. Akayamba mawu n'kukakamira pakati, timamumalizira, ndipo nthawi zambiri timamaliza zimene sanafune kunena. Amayi a kumphakati akabwera kudzazonda amakhala moyang'anizana naye n'kufunsa ine kuti, "Wagona bwanji lero?" Iye ali pomwepo, makutu ake ndi abwinobwino. Timapemphera, timaimba, iwo amapita. Tsiku lonse munthu sanagwire kanthu, sanasankhe kanthu, sanalakwitse kanthu.

Timati ndi chisoni. Mwina n'chisonidi. Koma china n'chakuti sitipirira kuonerera munthu akuchedwa. Kumugwirira chikho n'kwachangu kusiyana ndi kudikira kuti achifikitse yekha pakamwa, theka la tiyi litatayikira pa malaya amene tichape ndife. Ndiye timamulanda chikho, timamulanda zipanala, timamulanda njinga, timamulanda ndi mawu omwe. Pamapeto pake timasonkhana n'kugwirizana kuti manja ake alibe moyo.

Laputopu ya Madalo inalibe changu chimenecho. Si kuti ndi yachifundo, ndi yokalamba chabe. Koma mpira unkafika pa phazi la wosewera n'kudikira. Adani ankabwera, koma ankabwera mwaulesi. Panali nthawi yoti uthenga uchoke m'mutu mwa Bizeki, uyende ulendo wake wautali wokhotakhota, ukafike ku chala.

Chala chachikulu chinatsika. Wosewera anapatsira mnzake mpira.

Palibe anaomba m'manja. Madalo anayang'ana kudenga. Ine ndinapita kukaona nyemba zimene sizinkafuna kuonedwa.

Sindikunena kuti magemu amachiza sitiroko, musapite kukauza madokotala kuti gogo wa m'nyuzipepala watero. Mwina chala chimenecho chinali chokonzeka kale, kungoti palibe anachipatsa ntchito yoti mwini wake aifune. Kampira ka kuchipatala n'kabwino, koma kufinya kampira kulibe chigoli. Palibe amene amakulanda mpira, palibe wokwiyira.

Lachinayi ndi Lachisanu anasewera mpaka batire kutha. Thukuta linkatsika m'khosi ngati akulima. Anatukwana goloboyi wake ndi mawu athunthu, osakakamira pakati, mawu amene sindingalole Madalo kulemba pano. Ndinawalandira.

Loweruka m'mawa a Tchale anafika. Lole inaima kumsewu, chifukwa kanjira ka kwathu sikalowa galimoto. Anapeza Bizeki ndi mwana wake ali pa tebulo, aliyense padi m'manja, mzungu uja akukoka mawu ake. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Ndiye mafizo ake amenewa?"

Anatembenukira kwa ine.

"Alamu, zovala zake mwamanga?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, monga ndakhala ndikuchitira chaka chonsechi. Bizeki anandiyambirira.

"Bambo." Anapuma. Tinadikira. "Funsani... ine."

A Tchale anakhala pa mpando. Anayang'ana mwana wa achimwene awo, ndipo ndikhulupirira kuti kanali koyamba kumuyang'ana kumaso chigwereni.

"Chabwino. Bizeki, tipite kumudzi?"

"Ayi."

"Ndione dzanjalo."

Bizeki analinyamula lokha, osalithandiza ndi linzake. Linakwera pang'ono. Chala chachikulu chinagwedera. Cholozera chinatsatira, monyinyirika. Zinazo zinakhalabe chifumbatire.

"Ziwiri zokha," anatero a Tchale.

"Lachiwiri kunalibe n'chimodzi chomwe," anatero Madalo, maso ali pa galasi.

A Tchale sanakonde kuyankhidwa ndi mdzukulu, ndinaona pa mphuno pawo. Anaonerera mpira ukuyandama. Kumsewu lole inaliza hutala.

"Alamu, ine sindinathetse nkhaniyi," anatero akudzuka. "Ndidzabweranso mvula ikatha, tidzaone."

"Mudzatipeza."

Anavala chipewa n'kupita kukauza mnzawo kuti anyamuke.

Ndiye musaganize kuti tapambana. Tangopatsidwa nyengo imodzi ya mvula. Zala zinazo zikhoza kudzuka, zikhozanso kukana. Bizeki wavomera kubwerera ku mafizo a kuchipatala, ndipo kampira kaja ndakapeza pa tebulo, osati kuseri kwa bedi, ngakhale sindinamuone akukagwira.

Dzulo titabwera ku Misa anakhalanso pa mpira wake. Anasewera pang'ono, kenaka anaika padi pansi.

"Madalo."

"Adadi."

"Anthuwa... akuchedwa."

Madalo anandiyang'ana, kenaka analowa m'kati mwa emuleta muja n'kuchepetsa kukongola kwa zithunzi kuti laputopu ipepukidwe. Nkhope za osewera zinafufutika, udzu unangokhala chobiriwira chopanda maonekedwe, koma miyendo inayamba kuthamanga. Mzungu uja anayamba kuyankhula ngati munthu.

Bizeki anagonja koopsa. Anamulanda mpira uliwonse, anamumwetsa zigoli mpaka Madalo anasiya kuwerenga mokweza.

"Ndibwezere mmene zinalili, adadi?"

"Ayi. Gemu ina."

Inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, ndikudziwa kuti mwamusambitsa, mwamudyetsa, mwamupempherera. Koma chiyambire m'mawa, mwamusiyira chiyani m'manja choti alimbane nacho yekha, ngakhale chimugonjetse?